Nyanja Isanaundane

Atsekwe atayamba kudutsa kulowera kummwera, Ardith Salmela anadziwa kuti funso la chaka ndi chaka labweranso: kuoloka kapena kukhala. Nyumba yawo yamitengo inali tsidya lopanda msewu la nyanja ina yaing'ono kumpoto kwa Minnesota. Nyengo yozizira ikafika nyanjayo imaundana, ndipo ayezi akangogwira m'mbali, bwato silidutsanso, ndipo phazi silingapondepo kufikira atalimba. Amene wapezeka tsidya lino pa masabata amenewo ndiye kuti wakhala, kaya adwale, kaya athyoke mwendo.

Zaka zonse chisamukire kumeneko, amuna ake a Reino atapuma ntchito kumgodi wa chitsulo, funsoli silinkachedwa kuyankhidwa. A Reino ankangoloza mulu wa nkhuni ndi chibwano n'kunena kuti, "Ndiye izi awothe ndani?" Nkhani n'kuthera pomwepo. Anasamuka ali ndi imvi kale onse awiri, mwana wawo Lorna akuti makolo ake apenga. Tsiku loyamba lenilenilo, katundu akadali padooko, a Reino anati, "Amake Lorna, ine kuno ndidzachoka ndili m'bokosi. Musadzandibwezere m'tauni." Ardith anavomera, ndipo sanali munthu wovomera ndi pakamwa pokha.

Chaka chino nkhuni zinalipo zambiri, mbatata zinali m'nkhokwe yapansi pa nyumba, ufa ndi mafuta a nyale zinalipo. Chimene chinkachepa chinali china.

M'bwato aliyense ali ndi pake. Wakutsogolo amapalasa n'kumayang'ana miyala, wakumbuyo ndiye amawongolera. A Reino anali akumbuyo kuyambira awiriwa ali pachibwenzi, motero Ardith ankawadziwa m'bwato ndi makutu okha: kugunda kwa nkhafi m'mbali, kupuma kwawo, nyimbo yakutchalitchi imene ankaimba chapansipansi mawu ake osamveka. Koma masamba atayamba kufiira, bwato linayamba kusochera. Akati alowere kuchilumba, mphuno yake inkalozera kumiyala. Akati abwerere kunyumba, linkapitirira dooko lawo ngati silikulidziwa. Ardith sanafunse. Ankangoponya nkhafi patali pang'ono n'kukokera madzi kwa iye, mphuno n'kubwerera m'njira, ndipo akafika a Reino ankatsika monyadira ngati kale. Tsiku lina Ardith anapeza nkhwangwa itagonekedwa bwinobwino pakati pa mbatata. Anaibwezera pachipika chowazira nkhuni osanena kanthu.

M'mawa uliwonse, khofi asanawire, ankaima pawindo n'kupemphera pemphero lomwelomwelo: "Ambuye, za lero zokha. Za mawa ndidzabweranso."

Lachiwiri kunabwera Wendell, mnansi wawo wa tsidya la msewu, pa boti lake la injini. Anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka khumi ndi kanthu, wamasiye, wokonda phokoso.

"Odi kuno! Alipo amoyo?"

"Amoyo alipo," anayankha a Reino ali pakhomo, "koma khofi wa alendo aulesi watha."

"Mdala, khofi wanu uja ndi wotsukira injini. Ine ndabwera ndi anyezi, kuti mwina chaka chino mudyeko chakudya chokoma."

"Imvani, amake Lorna, akunyoza mphika wanu."

"Akunyoza akukhala pansi," anatero Ardith, akumuikira kapu.

Wendell anatula anyezi ndi mabatire a wailesi yawo yolankhulirana, n'kunena kuti Lorna anaimba foni kawiri, akuti chipinda chapansi kunyumba kwake mumzinda wa Duluth chili chokonza. A Reino anaseka n'kunena kuti m'chipindamo agonekemo apongozi ake. Anacheza za mphalapala imene inawoloka pamphuno pa boti, za mitengo imene mphepo inagwetsa. Kenako a Reino anamuyang'ana mlendoyo nthawi yaitali, nkhope yawo n'kufewa.

"Arvo, iwe, wawonda bwanji? Amayi akudziwa kuti wabwera kuno?"

Arvo anali mng'ono wa a Reino. Anamwalira Lorna asanabadwe.

Ardith anagwira m'mphepete mwa tebulo. Wendell anamwa khofi pang'ono, n'kuika kapu pansi mosamala.

"Akudziwa, achimwene," anatero. "Ndiwo andituma anyeziwa."

"Eya, amayi ndi anyezi," a Reino anagwedeza mutu mokhutira.

Potuluka, Ardith anamuperekeza kudooko. Wendell anamasula chingwe, koma sanalize injini.

"Mayi, Loweruka ndikutulutsa botili m'madzi. Ndikalitulutsa, ndatulutsa."

"Tikhala, aneba."

"Ine sindichulutsa mawu. Utsi wa pachumuni panu ndimauyang'ana m'mawa uliwonse, mukudziwa. Koma nyanja ikagwira, ndidzangouyang'ana basi. Ukadzapanda kutuluka, ndilibe pooloka."

"Ndinawalonjeza."

"Ndikudziwa." Anakoka chingwe cha injini kawiri, sinalire. "Onani, nayonso yakalamba ngati ife." Kachitatu inalira, ndipo anapita akukweza dzanja osacheuka.

Mawa lake Ardith ndi a Reino anapita kukavuula ukonde umene anatchera kuseri kwa chilumba, pakuti inali nyengo ya nsomba zoyera zimene ankaziwamba ndi kuzithira mchere kuti adye chisanu chonse. Kunacha bata, matabwa a dooko atayera ndi chisanu. Popita zinayenda bwino. A Reino anaimbanso nyimbo yawo ija. Ukonde unali ndi nsomba zokwanira, ndipo anazikolola zala zikuwawa, akupumira m'manja mosinthana.

Pobwerera mphepo inadzuka. Pakati pa chilumba ndi kwawo pali malo otseguka pamene mafunde amakula msanga, ndipo pamenepo bwato limafuna wakumbuyo wolimba, woligwira kuti lidule mafunde chopendekera. Anali atafika pakati pomwe pamene Ardith anamva chimene sanamvepo: kumbuyo kunali zii. Nkhafi inaleka kugunda.

Bwato linatembenuka pang'onopang'ono mpaka linapereka nthiti kumafunde. Loyamba linagunda n'kudutsa. Lachiwiri linathira madzi m'maondo mwake. Madzi a nyengo imeneyo munthu akagweramo samaliza "Atate wathu."

"A Reino, wongolani!"

Ardith anapotoza khosi. Amuna ake anali atakhala mowongoka, nkhafi itagona pamiyendo, akumuyang'ana mwaulemu ngati mmene munthu amayang'anira mlendo m'basi.

"Pepani, mayi," anatero. "Kodi munati ndikakusiyeni kuti?"

Ardith anagwira nkhafi mwamphamvu. "Kwa a Salmela," anatero.

"Oo, kwa Salmela. Ndimawadziwa amenewo. Mkazi wake ndi munthu wabwino kwambiri." Anayang'ana uku ndi uku, manyazi ali pankhope. "Koma njira yake yandisokonekera pang'ono."

Ardith anayesa kukokera mphuno kumphepo monga ankachitira masiku onsewa, koma kaukatswiri kobisa kaja kanali ka tsiku la bata. Mphepo inkalibweza bwato ngati tsamba. Funde lina linalowa, nsomba n'kuyamba kuyandama pansi. Panatsala njira imodzi. Bwato ndi losongoka mbali zonse, ndipo wopalasa akatembenuka pampando wake, kumbuyo kumasanduka kutsogolo. Koma lamulo loyamba limene a Reino anamuphunzitsa akadali mtsikana linali lakuti pakati pa madzi munthu satembenuka m'bwato.

Anadikira funde lidutse. Anagoneka nkhafi mopingasa, n'kutsamira pamenepo ndi manja onse, mutu pansi. Anadutsitsa mwendo umodzi, bondo likulira. Bwato linapendekeka, madzi n'kulowa ngati munthu wathira ndowa. "Yesu," anatero, osati mofuula. Anadutsitsa mwendo wachiwiri n'kugwada pansi m'madzi ozizirawo. Tsopano anali atayang'anizana ndi amuna ake, ndipo iye ndiye anali wakumbuyo.

"Gwirani m'mbali, bambo, musapalase. Lero ndikuperekezani ndine."

"Zikomo kwambiri, mayi. Mwandithandiza."

Analowetsa nkhafi mwakuya, n'kuzunguliza mbali ya a Reino mpaka inaloza kwawo. Bwato linamvera. Linkayenda molemera ndi madzi, koma linkadula mafunde.

Zaka zonsezo anali asanaonepo nkhope yawo ali m'bwato. Tsopano inali patsogolo pake njira yonse, ndipo analibe kwina koyang'ana. Anaona ndevu zimene lumo linaphonya pansi pa khutu, dontho pansonga ya mphuno, mpango umene anawalukira utamangidwa mokhota. Anaona kuti ndi nkhalamba. Ndipo ali pafupi kulowa m'malo otetezeka ku mphepo, anaona nkhopeyo ikubwerera mwakachetechete, ngati moto ukamagwira nkhuni zonyowa.

"Amake Lorna?"

"Ndine."

"Mwakhala bwanji chonchi? Mwatembenuka pakati pa nyanja?"

"Ndatembenuka."

A Reino anayang'ana madzi amene anali m'akakolo mwawo, nsomba zoyandama, nkhafi ili pamiyendo. Anayang'ana kumbuyo kwa mkazi wawo, kumene mafunde ankayera thovu.

"Zayamba liti?"

"Atsekwe asanayambe kudutsa."

"Ndiye mumangowongola muli chete?"

"Nkhafi ndinali nayo m'manja," anatero Ardith. "Ndikanatani?"

Ardith anapalasabe mpaka bwato linakhudza mchenga.

Kunyumba anakoleza chitofu, anasintha zovala, n'kuyanika zonyowazo pa chingwe. A Reino anatenga mpeni n'kuyamba kutumbula nsomba patebulo la panja, ndipo manja awo sanalakwe ngakhale pamodzi. Ardith ankatsuka ndi kuthira mchere. Dzuwa linali litapendeka pamene a Reino anaima, mpeni uli m'manja.

"Ndikanakumizani."

"Simunandimize."

"Ndikanakumizani, Ardith." Dzina limeneli ankalitchula kamodzikamodzi. "Mawu aja ndinakuuzani tsiku lobwera kuno, a bokosi aja..."

Ardith anasiya nsomba m'beseni n'kudikira. A Reino akanangonena kuti mawu aja afafanizidwe, iye akanamasuka. Akananena kuti akhalebe, akanadziwa chimene akusenza. A Reino anatsegula pakamwa, anayang'ana kumitengo ya paini, nsidze zitakumana ngati munthu amene wataya singano m'udzu. Mphepo inagwedeza zovala pa chingwe.

"Kodi mchere ulipo wokwanira?" anafunsa.

"Ulipo."

"Chabwino. Nsomba imafuna mchere."

Ardith anapukuta manja n'kupita kuchisakasa cha nkhuni. Anakhala pachipika, pakati pa milu imene amuna ake anawaza chilimwe chonse, iliyonse yoyalidwa mwaluso, makungwa kumwamba. Anayamba pemphero lake la masiku onse, koma linamukanika, pakuti zimene ankafuna kufunsa sizinali za lero zokha. Anaganiza za m'mawa wina a Reino atatuluka kukatunga madzi n'kuyenda pa ayezi wosalimba, akufuna kwa Salmela. Anaganiza za iye mwini ataterereka pakhomo n'kuthyoka chiuno, amuna ake akumufunsa mwaulemu kuti ndi ndani, moto n'kuzima. Anaganizanso za a Reino ali m'chipinda chapansi ku Duluth, akuyang'ana matayala a galimoto pawindo. Sanamve liwu lililonse. Kambalame kakuda pamutu kanatera pa nkhuni, kanamuyang'ana, n'kuuluka.

"Ambuye," anatero potsiriza, "ndikuswa mawu anga. Mukawerenge pa ine, osati pa iwo."

Analowa m'nyumba n'kutsegula wailesi.

"Aneba, mukundimva?"

"Ndikumva, mayi. Khofi watheratu?"

"Mawa mubwere mudzatenge katundu. Ife tiwoloka Lachisanu pa bwato."



"Ndamva," anatero Wendell. Sanafunse chifukwa. "Lorna ndimuimbira ine. Inu musavutike."

Kutseka nyumba ya m'nkhalango ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Ardith anaika ufa ndi shuga m'zitini kuti mbewa zisalowe, anapachika mabulangete pa mtanda wa denga, anakhuthula madzi onse. Wendell anabwera n'kunyamula masutikesi awiri, nsomba zamchere, mbatata ndi Baibulo lalikulu la amayi ake a Reino.

"Katundu yenseyu akupita kuti?" anafunsa a Reino.

"Ndikukuberani, mdala," anatero Wendell. "Masana dzuwa likuswa mtengo. Itanani apolisi."

"Wakuba wopusa. Wasiya nkhuni, watenga mbatata."

Anathandizana kukhoma matabwa pa mawindo, a Reino akumudzudzula kuti akupinda misomali ngati mwana wasukulu. Wendell anawapatsa hamala kuti amuonetse, ndipo a Reino anakhoma itatu molunjika, uliwonse kumenya kawiri kokha.

Lachisanu kunacha kozizira kwambiri, kopanda mphepo. Atamwa khofi, Ardith anadikira chitofu chizizire, anachotsa phulusa, n'kuyalamo makungwa ouma ndi tinkhuni tating'ono, machesi n'kuwaika m'botolo pamwamba pake. Nyumba ya kuthengo imasiyidwa choncho, kuti wosochera m'chipale chofewa akafika manja atauma angokhwatcha kamodzi. Chitseko sanakhome ndi loko, anangokokera kampiringidzo. A Reino anaima pakhomo akuyang'ana, chipewa chili m'manja.

"Tikupita kusitolo?"

"Tikuwoloka," anatero Ardith.

Usikuwo ayezi anali atagwira padooko pawo, wopyapyala ngati galasi la nyale, kuchokera kumchenga mpaka kumiyala yakunja. Kupitirira apo madzi anali akuda ndi osalala. Kutali, boti la Wendell linkayandama injini itazima, iye atagwira mbedza ngati munthu amene wangobwera kudzawedza.

Anakankhira bwato m'madzi. A Reino anatenga nkhafi yawo n'kulunjika kumpando wakumbuyo, monga miyendo yawo inazolowera. Ardith anagwira m'mbali mwa bwato.

"Bambo, lero khalani kutsogolo."

Anaima. "Kutsogolo? Ine?"

"Ayeziyu akufuna woswa. Manja angawa sangathe, mapewa akundiwawa kuyambira dzana."

Sanali kunama. A Reino anayang'ana ayezi, anayang'ana mkazi wawo, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Mwakalamba, amake Lorna."

"Ndakalamba."

"Chabwino. Koma muwongole bwino, musatiombetse pamiyala. Nkhafi muziipotoza pamapeto, osati pakati."

"Ndamva."

Anakwera kutsogolo mosamala n'kugwada. Anakweza nkhafi n'kumenya, ayezi n'kusweka ndi kaphokoso ngati mbale zadothi, zidutswa zikutsetsereka pamwamba. Anamenyanso. Ardith ankakankha pang'onopang'ono m'njira imene iwo ankatsegula. Ntchitoyo inawasangalatsa. Anayamba kuimba, ndipo aka kanali koyamba kuti nyimboyo imufike Ardith kuchokera kutsogolo.

Atatuluka m'madzi otseguka, a Reino anapukuta mphuno ndi mkono n'kulankhula osatembenuka.

"Tifulumire. Tikagule zathuzo tibwerere dzuwa likadali m'mwamba. Nyanja iyi igwira posachedwa."

"Igwira ndithu," anatero Ardith.

Pamenepo anaphunzira chinthu chimene pampando wakutsogolo sakanachidziwa: wakumbuyo akhoza kucheuka, akhoza kupukuta m'maso, mnzake osaona. Anacheuka kamodzi. Nyumba inali itatsinzina mawindo pakati pa mitengo, mulu wa nkhuni uli pambali pake, ndipo m'njira imene anaswa zidutswa za ayezi zinali zitayamba kale kubwererana.

Kutali, Wendell anakulunga mbedza yake n'kuliza injini chapansipansi, kuti aziwatsatira chapatali. Ardith analowetsa nkhafi m'madzi, n'kuipotoza pamapeto, ndipo bwato linaloza tsidya la msewu.